Ndiwo ya Kuseri kwa Thanki

Lolemba

Atsala masiku asanu. Loweruka ndi chilanga mulilo cha Tiyese, mwana wa achimwene anga, ndipo ine azakhali ake ndalonjeza kale ndiwo imene Abemba a ku Kabulonga, akwawo kwa mkamwini, sanailawepo chibadwire.

Mwambowu ndi wawo, ife tangoulowa. Akuchikazi timaphika zonse zimene timadya kwathu, n'kusenza miphika ndi ng'oma kupita nayo kwa mkamwini, iye n'kulawa mphika uliwonse abale ake akuonerera. Ndiye pamsonkhano wa dzana aliyense akutchula chake, uyu nkhuku ya kumudzi, uyu nyemba, uyu nsomba youma. Ine pakamwa panga sipadziwa kukhala. Ndati, "Ine ndibwera ndi mnadzi wotendera, wodzimerera wokha m'dimba mwanga." Azimayi m'manja phuphuphu. Alamu anga, amake Tiyese, mpaka kunditcha chipilala cha banja.

Chomeracho chili kuseri kwa thanki ya madzi. Chinabwera ndi dothi lakuda limene tinagula pa lole mvula isanayambe. Repu amene ndinafesa pamenepo anafa yense, icho chokha nganganga. Zikuluzikulu zitatu zofika m'chiuno, ndi tiana take tambirimbiri pansi.

Zimene ndikudziwa:
- masamba ndi otambalala, m'mbali mwake mwa manomano
- tsinde ndi lonenepa, lofiirira
- mbozi sizinalumeko ngakhale tsamba limodzi
- chikukula ngati chikulipidwa

Zimene sindikudziwa: ngati ndi mnadzi.

Ndilembe pano poti kope silipita kumsonkhano. Ine ndinabadwira m'tauni momwe muno, ku Kabwata, m'nyumba ya boma ya zipinda ziwiri. Kumudzi kwathu ku Katete ndapitako kanayi, katatu n'kumaliro. Mnadzi ndinadya ndili mwana, amayi ankagula wothyolathyola pamsika, ine ndinkangouona uli mumphika. Koma Chichewa changa n'chakuya, duku ndimamanga bwino, ndipo kwa zaka makumi awiri nkhani ya ndiwo zakumudzi ikabuka m'banja muno onse amatembenukira kwa ine. Sindinawauzepo kuti ndinakulira kumudzi. Kungoti sindinawauzeponso kuti sindinakulireko.

Abambo a m'nyumba muno ndawaitana kuti adzaone. Aima, manja kumbuyo, ayang'ana nthawi yaitali. Ati, "Chakula." Abwerera ku nyuzipepala yawo.

Lachiwiri

Ndadzuka mwamamawa kukachiona, ngati usiku chingasinthe n'kukhala mnadzi.

Ndafikisa tsamba limodzi n'kununkhiza. Mayo ine. Fungo la nsapato yogonera pamvula. Ndasamba m'manja kawiri ndi sopo wochapira. Komabe luni nayenso sanunkhira ngati mafuta odzola, ndipo timadya. Ndiwo zakumudzi si za mphuno.

Bana Mwape, aneba, asuzumira pampanda: "Shani ba neba? Nkhuku zanga zikangena kwanu zimasiliza vonse, manje ico cimuti sizigwilako olo pang'ono." Ndawayankha kuti nkhuku za m'tauni zoleredwa ndi chakudya cha m'thumba zingadziwe chiyani. Aseka, apita. Koma mawuwo andikhala pamtima tsiku lonse.

Ndajambula ndi foni n'kutumiza pagulu la azibale anga, mochenjera, ngati mpikisano: "Tione amene akudziwa za kwathu, ichi n'chiyani?" Mayankho:
- impwa
- nsatsi yaing'ono
- fodya
- "Ameni" (ameneyu sanawerenge)
- mwana wa msuweni wanga wa ku Chilenje: "Mudziwa ndimwe anti, tiuzeni cabe"

Vuto lake ndi limenelo.

Masana alamu abwera kuchokera ku Woodlands kudzatenga miphika ikuluikulu. Ndayesa kuwakhazika pakhonde ndi tiyi, iwo ayi, akufuna kuona ndiwo yotchukayo. Aima kuseri kwa thanki, mutu pendeke. "Mnadzi waukulu chonchi, alamu?" Ndipo ine, mkazi wamkulu, wa chigwirizano, wopita kutchalitchi Lamlungu lililonse, ndamva pakamwa panga pakunena kuti, "Wa ku Katete umakula choncho."

Apempha kamtolo kuti akaphike Lachisanu, azimayi akalawiretu. Ndikane bwanji? Ndadula ndi mpeni, ndaika m'pulasitiki, atenga. Galimoto yawo ikutuluka pageti ine mtima uli m'mwamba.

Nsinjiro ndagula kale. Zabwino, za ku Chipata.

Lachitatu

Nzeru yatsopano: kupita kumsika waukulu m'tauni, kumene palibe amene amandidziwa, n'kukafunsa mosaoneka kuti ndikufunsa. Funso ndakonzeratu: "Kodi kuno mumautcha chiyani?" Ngati kuti dzina la kwathu ndikulidziwa.

Minibasi ya ku Chelstone yadzaza mpaka pakhomo. Masamba ali m'chikwama pamiyendo. Tisanafike patali mayi wa pambali panga watsegula windo, mvula ikulowa, iye osasamala. Kondakitala akununkhiza uku ndi uku n'kuyang'ana bambo wina wosalakwa wa kumbuyo. Ine maso kutsogolo, duu.

Kumsika matope okhaokha.

Woyamba, mayi wa bonongwe ndi chisoso, wanunkhiza n'kundibwezera msangamsanga: "Mami, ivi sitigulisa." Wapukuta dzanja pachitenje.

Wachiwiri wati amalume ake ankasuta masamba otere chifukwa cha chifuwa cha mphumu, ndipo tsiku lina anacheza ndi khoma masiku awiri, kulipatsa moni ndi kulifunsa za ana. Anzake akufa nazo kuseka. Ine ndasekako ndi mano okha.

Wachitatu sindinamufunse, wadzibweretsa yekha. Bambo wogulitsa mizu ndi timabotolo, maso psuu. Watsitsa mawu: "Muli navo vambili? Munkhala kuti?" Ndati ku Matero. Mulungu andikhululukire, ndi a ku Matero omwe.

Potsiriza ndapeza mayi wa ku Petauke amene ali ndi mnadzi weniweni, kadzanja kamodzi kofota, kotsalira dzulo. Ndaika tsamba langa pambali pa lake. Lake laling'ono, lofewa, timaluwa toyera tating'onoting'ono, tizipatso ngati mikanda. Langa ngati chikhatho cha munthu wolima. Zikufanana pa kubiriwira basi. Ndafunsa ngati angandipezere dengu lathunthu pofika Lachisanu, wati wina abwera sabata ya mawa, lole ikapanda kutitimira.

Pobwerera ndakhala ndikuganiza. Mapapaya alipo aamuna ndi aakazi. Mwina mnadzi nawonso uli pawiri, ndipo wangawu ndi wamwamuna.

Abambo afunsa kuti kutauni ndinakatani. Ndati ndinakaona mitengo ya zitenje.

Lachinayi

M'mawa. Chachita maluwa. Oyera mbee, aatali ngati malipenga a bandi ya asilikali. Okongola, sindinama. Pansi pa masamba ndapeza timipira tobiriwira ta minga thoo. Kwa kamphindi ndasangalala, ndati kapena ndi chipwete. Koma chipwete chimayanga pansi, sichiima njo ngati munthu.

Ndatsimikiza zoyesa. Kuwiritsa, kutaya madzi kawiri, soda pang'ono, nsinjiro zambiri. Ndiwo yowawa iliyonse imagonja ndi zimenezi. Ndauza abambo kuti masana alawa chinthu chatsopano. Ati lero asala kudya, akupempherera dziko. Munthu amene chikwatirane sanadumphepo nkhomaliro!

Ndathyola mbale yathunthu ndi manja. Dzuwa la pambuyo pa mvula likuotcha, thukuta likutsikira m'maso, ndapukuta ndi dzanja lomwelo.

Mphika sunafike n'komwe pamoto. Ndikusadzula masamba, diso lakumanzere layamba kuona chimbuuzi. Kuwala kukulasa. Pagalasi: mwanadiso wa kumanja ali bwinobwino, wa kumanzere watambasuka bii, diso lonse lakuda ngati la mphaka mumdima. Ndaganiza za sitiroko, ndaganiza za aneba, ndaganizanso za bambo wa mizu uja.

Kukiliniki abambo andiperekeza, kusala kudya kwaiwalika. Dokotala ndi mtsikana wamng'ono, msinkhu wa Tiyese. Waunika diso, wayeza magazi kuthamanga, wandiuza ndikweze manja, ndimwetulire. Kenaka wafunsa ngati ndagwira mankhwala kapena chomera chilichonse. Ndamuonetsa chithunzi. Wangoti, "Ehe." Wati amaona zotere kwa anthu osamalira maluwa m'mayadi, madzi a chomerachi akalowa m'diso amatero, ndipo lidzabwerera pakapita masiku. Anditsuka m'diso. Wati ndivale magalasi akuda, ndipo ndikamva kukhosi kuuma, mtima kuthamanga kapena mutu kusokonezeka ndibwerere msanga.

"Mwadyako?" Ayi.

"Chomera ichi ndi poizoni chonse, masamba, maluwa, njere. Kuphika sikuchotsa. Palibe wina amene wadya?"

Alamu.

Ndaimba foni katatu, sakuyankha. Ndaimbira Tiyese, ali kuntchito, foni yozima. Abambo agwira takisi, andiveka magalasi awo akuda a m'chaka chimene tinakwatirana.

Njira yonse ya ku Woodlands ndikupemphera ndi mbali imodzi ya mutu, mbali inayo ikukonza bodza. Ndilembe zoona zake, mabodza ndinakonza atatu:
- anapoperapo mankhwala a udzudzu
- galu anakodzerapo
- mnadzi ukachita maluwa sudyedwa, ndi mwambo wa kwathu

Lachitatulo linali labwino kwambiri.

Tafika, magetsi kulibe chiyambire m'mawa. Firiji yatentha, ndiye alamu aganiza zophikiratu lero zonse zimene zingaonongeke. Kuseri kwa nyumba azimayi asanu ndi mmodzi, wina akusinja mtedza, wina akukolezera mbaula. Masamba anga ali m'beseni, otsukatsuka, oduladula. Madzi ali pamoto. Tizidzukulu tiwiri ta alamu tikusewera pomwepo ndi supuni.

Ndalanda beseni osapereka ndi moni womwe. Onse andiyang'ana, mayi wa magalasi akuda wakumbatira ndiwo.

Mabodza atatu aja, nditaona tiana tija, palibe limene latuluka. Ndikananena za galu, mawa wina akanadzapempha mbewu. Ndati, "Si mnadzi uwu. Ndi poizoni. Amene wagwira asambe m'manja ndi sopo, asagwire m'maso. Mpeni ndi thabwa mutsuke."

Munsi waima.

Alamu ati, "Koma munati wa ku Katete umakula choncho."

Ndati, "Mnadzi uli m'munda sindinauonepo chibadwire. Ndine wa ku Kabwata ine."

Palibe waseka. Bola akanaseka. Alamu atenga adzukulu awo n'kukawasambitsa m'manja okha, mmodzimmodzi, osandiyang'ana. Manyazi otere sindinawamvepo, ndipo mantha akewo sanandichokebe. Tikanachedwa ndi theka la ola.

Mutakisi pobwerera abambo andigwira dzanja. Kenaka akumbukira, afunsa ngati ndinasamba.

Lachisanu

Tiyese wafika m'mawa ndi pepala. Dzulo madzulo anaonetsa chithunzi kwa Chanda, mkamwini wathu wa mawayo. Ndinaiwaliratu kuti mnyamatayu ndi mlangizi wa zaulimi. Munthu amene ndinkafuna kumudyetsa ndi amene wanditumizira dzina la ndiwo yake. Akuti ndi datura, imakonda kumera pa dothi lochokera kumakola ndi kumadzala. Walemba mwaulemu kwambiri, pamwamba "Kwa ba anti", ndipo ulemuwo ndi umene ukuwawa.

Malangizo a mkamwini:
- magolovesi, malaya a manja aatali, magalasi
- yambani kudula timipira ta minga n'kutiika m'thumba, tisaphulike, njere zake ndi zambirimbiri
- zulani ndi mizu yomwe, tiana tonse
- osatentha, utsi wake nawo ndi woipa
- osataya pa manyowa, osapatsa mbuzi kapena nkhuku
- mangani m'thumba lolimba, lipite ndi lole ya zinyalala
- khasu, mpeni ndi zovala muchape pazokha
- njere zimagona m'dothi zaka, muziyang'anapo mvula iliyonse
- chomera chimene simukuchidziwa, osalawa, funsani kaye

Mzere womalizawo akanatha kuusiya.

Magolovesi ndilibe. Bana Mwape andibwereka awo apinki otsukira kuchimbudzi, osanena kalikonse za nkhuku. Mayi ameneyu ndi Mkhristu kuposa ine. Ndavala jekete yakale ya abambo, mabuti, duku kukamwa, magalasi akuda. Abambo agwira thumba atatambasula manja mpaka pamapeto, nkhope ataloza ku Kabulonga.

Mizu yake ndi yosazama, chikuzuka mosavuta. Zandikwiyitsa. Sabata yathunthu chandizunguza mutu, icho n'kungoti zuu ngati udzu wamba. Tiana ndawerenga mpaka makumi atatu n'kusiya.

Tiyese wakhala pakhonde akundionerera. Wati, "Anti, bwanji simunangonena kuti simudziwa?" Ndati ndipatse sopo.

Mwanayu ndinamunyamula ali ndi tsiku limodzi. Ndinkafuna kuti apongozi ake aone kuti sachokera m'mafuleti chabe, kuti kumbuyo kwake kuli mudzi, kuli anthu odziwa zinthu. Zimenezi sindinamuuze. Ndinali ndi duku kukamwa.

Alamu sanaimbe. Atumiza uthenga: "Mawa mubwere ndi nkhwani." Opanda moni.

Nkhwani ndi wa pampanda wa Bana Mwape. Athyola okha, andipatsira pamwamba pa mpanda, n'kunena pang'onopang'ono ngati akuuza mwana wa sukulu ya mkaka: "Ici ni cibwabwa, ba neba." Ndalandira ndi manja awiri.

Loweruka

Zitenje zofanana, miphika yomanga m'nsalu pamutu, ng'oma kutsogolo. Pamzere wonse wa azimayi wa magalasi akuda ndine ndekha, ngati mlonda wa nduna.

Ku Kabulonga geti lalikulu, udzu wometa bwino, mahema awiri. Nkhani inafika kale. Ndadziwira moni: aliyense akundifunsa za diso asanandifunse dzina. Mayi wina wa kuchimuna wandigwira mkono, "Ndimwe ba anti ba cimuti? Mwacita bwino kukamba." Wina wandipempha chithunzi kuti akayang'ane kumunda kwake.

Chanda wakhala pampando pakati, mnzake pambali, mutu woweramitsa monga mwa mwambo. Mlangizi wa mwambo, mayi wamfupi wa mawu ngati wailesi, akuvundukula mphika umodziumodzi, kutchula dzina, kumulawitsa. Nkhuku, nthungululu. Nyemba, nthungululu. Chikanda, nthungululu.

Wafika pa wanga. Wavundukula. Ng'oma zangoti zii zokha, popanda woziuza.

Wayang'ana mumphika, wayang'ana ine. Watapa supuni n'kundipatsa ineyo.

Ndadya. Pamaso pa Abemba onse a ku Kabulonga ndatafuna nkhwani wanga, ndameza. Azakhali a mkamwini akweza dzanja: "Tiyembekezeko pang'ono." Hema yense wagwa nako kuseka, ng'oma zayambanso, ndipo ine ndaseka nawo poti kulira ndi magalasi akuda palibe akanaona phindu lake. Chanda walawa, kenaka wapempha supuni yachiwiri, chimene sanachite pa mphika wina uliwonse. Mwana wa eni ake ameneyu ndi wamtima wabwino. Tiyese wapeza munthu.

Chimene chandipweteka si supuni ija. Pambuyo pake avundukula mphika wa ndiwo youma, yakuda, ndipo wina wa kuchimuna wafunsa dzina lake. Mtsikana wina wa kwathu watembenukira kwa ine mwachizolowezi, "Anti, iyi ni..." Waima pakati. Watembenukira kwa mayi wina. Ndipo dzinalo ndinkalidziwa. Unali mfutso wa khwanya.

Pobwerera alamu akhala nane mpando umodzi m'basi. Tafika ku Woodlands. Potsika andisiyira botolo la maheu pamiyendo.

Lamlungu

Diso layamba kubwerera. Kutchalitchi ndawerenga nyimbo ndi maso onse awiri, ngakhale manambala akuvinabe pang'ono.

Kuseri kwa thanki kwangotsala dothi. Ndaimapo kanthawi ndi kapu ya tiyi. Abambo akuti tithirepo simenti.

Thupi lapepuka, sindikana. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuyankha mafunso a ndiwo mtima ukugunda, lero palibe adzandifunsenso. Ndimaganiza kuti ndisangalala. Koma ndikumva ngati ndachotsedwa ntchito imene ndinkaikonda, ngakhale sindinkaidziwa.

Masana pagulu la pa foni pabwera ndandanda wa ntchito za ukwati wa mwezi wa mawa. Ndatsika nawo ndi chala. Nkhuku, amake Tiyese. Mpunga, a ku Chilenje. Ndiwo zamasamba, mpongozi wina wa ku Libala, mwana wa dzulodzulo wobadwira ku Kitwe. Dzina langa lili pansi penipeni.

"Azakhali: madzi akumwa."

Patapita mphindi ziwiri alamu awonjezera: "A m'mabotolo. Abwere osatsegula."

Ndayankha kuti chabwino.